Shuga Sasamutsa Mphunzitsi

Mndandanda wa aphunzitsi osamuka unatuluka Lachinayi, ndipo kachitatu konse dzina la Loubna munalibe. Anauwerenga pafoni kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuyambiranso, ngati kuti dzina lingabisale kuseri kwa linzake.

Chinali chaka chake chachinayi pasukulu ya m'mapiri a Azilal. Mwamuna wake Hicham anali ku Safi, komwe ankagwira ntchito pafakitale yoika nsomba m'zitini. Kuti aonane pankafunika matakisi awiri, basi imodzi ndi tsiku lathunthu. Chipale chofewa chikagwa n'kutseka msewu ankangomvana mawu pafoni, nayonso netiweki ankachita kuikwerera pamwala wa kuseri kwa mzikiti.

Anakwera pamwalapo, mphepo ikumukoka mpango, n'kuimbira foni mwamuna wake.

"Bambo akuti tisade nkhawa," anatero Hicham. "Munthu wawo uja akuyendetsa nkhaniyi."

"Akuiyendetsa pa bulu? Zaka zitatu! Dzina lake ndani munthu ameneyu?"

"Akuti zinthu zotere sazitchula maina."

"Ndiye mukwatire yemweyo, akuphikireni ndi iyeyo."

Chaka chilichonse Loubna ankadzaza fomu yopempha kusamuka ngati aphunzitsi ena onse, n'kusankha sukulu imodzi yokha, yoyang'anizana ndi nyumba yawo ya ku Safi. Koma kalata ya ukwati ndi ya kuntchito kwa Hicham sizinkatsagana ndi fomuyo. Zimenezo ankatenga ndi apongozi ake, Ba Allal. Iwo ankati mapepala olemera sapatsa makina, amaperekedwa pamanja kwa munthu wodziwana naye. Ankavala mkanjo woyera, kunyamula shuga wouma woumbidwa ngati chulu, wokulunga m'pepala lake, monga achitira aliyense wokapempha chinthu chachikulu, n'kunyamuka osauza munthu komwe akupita.

Nayenso Loubna anali ndi chinsinsi chake. Pansi pa pilo panali kalata yosiya ntchito, yomwe anailemba miyezi itatu yapitayo. Uphunzitsi ankaukonda, koma anali atalumbira kuti akalepheranso ausiya.

M'mawa mwake anaika kalatayo patebulo la ahedi, Si Lahbib. Iwo anaiwerenga kawiri, anaipinda, n'kukhazikapo ketulo ya tiyi.

"Ndisanaitumize, mwana wanga, ndifunse chinthu chimene ndakhala ndikuopa kufunsa. Kodi banja lija lilipo?"

"Lilipo bwanji? Nanga ndikulirira chiyani?"

Ahedi anatembenuza kompyuta kuti aone yekha. Pafupi ndi dzina lake panalembedwa kuti wosakwatiwa.

"Koma Si Lahbib, makeke a ukwati wanga munadya nawo muofesi muno!"

"Ine ndinadya, atatu. Kompyuta sinadye."

Ahedi anamuuza kuti chaka ndi chaka, poona fomu yake ikubwera yopanda mapepala a banja, ankaganiza kuti mwina zinthu zinasokonekera kunyumba, ndipo ankachita manyazi kulowerera. Loubna anagwira mutu ndi manja onse awiri. Zaka zitatu za ulemu wa ahedi, zaka zitatu za shuga wa apongozi.

Si Lahbib anatulutsa kalata ya malamulo yochokera ku unduna, yomwe imapachikidwa pakhoma chaka chilichonse, ndipo anaiwerenga naye mzere ndi mzere. Pempho limalandiridwa m'masiku olengezedwa okha. Limadzazidwa pakompyuta, kusainidwa, n'kudzera kwa ahedi a sukulu yomwe munthu akuphunzitsa, osati kuofesi ya komwe akufuna kupita. Wopempha wamba amapikisana ndi anzake potengera zaka zomwe wagwira. Wopempha kutsatira mwamuna kapena mkazi wake amaganiziridwa mwapadera, koma pokhapokha ataphatikiza kalata ya ukwati ndi kalata yatsopano ya kuntchito kwa mnzakeyo. Ndipo munthu sasamukira pomwe palibe malo.

"Sukulu yanu imodzi ija ili ndi aphunzitsi omwe adzachokepo ndi imvi," anatero ahedi. "Mizere ina yonseyi pafomu mumaisiyira yani?"

Loubna anafunsa ngati angachite apilo. Anamuyankha kuti apilo ilipo, ndipo imachitika m'masiku owerengeka zotsatira zikangotuluka, koma ndi ya munthu amene ofesi yamulakwira. Iye ofesi sinamulakwire, inayankha zomwe anaifunsa. Anayenera kudikira ulendo wotsatira, osachoka pantchito ngakhale tsiku limodzi popanda chilolezo.

"Chaka chinanso," anatero Loubna.

"Chimodzi. Kalata yanuyi ikhale pansi pa ketulo pomwepa. Mukalephera mutatsata zonsezi, ndidzakupatsani ndekha."

Tchuthi chitafika anapita ku Safi, ndipo asanamasule n'chikwama chomwe anauza Ba Allal kuti akufuna mapepala ake. Mkuluyo anazemba. Anati munthu wake ndi wotanganidwa, anati akazi sapitako, anati mawa. Tsiku lachitatu Loubna anawadikirira pakhomo atavala kale nsapato.

"Bambo, lero ndikutsatani. Mukalowa mu mzikiti ndikudikirani panja."

Ananyamuka, Hicham akutsatira kumbuyo. Atafika pageti la ofesi ya zamaphunziro, Loubna anakonza mpango wake. Koma Ba Allal sanalowe. Anapitirira, anakhota kanjira kopapatiza, anadutsa pa ophika buledi, n'kugogoda pachitseko chobiriwira.

Anatsegula ndi nkhalamba yowonda yovala masilipasi, Si Bouchaib. Ataona Loubna, nkhope yake inagwa. Sanafunse kuti ndi ndani. Anawalowetsa, anapita pakabati n'kutsegula. Munali zulu zitatu za shuga, zili chikulungire, ndipo pansi pa chilichonse panali envulopu yosatsegula.

Si Bouchaib anali mesenjala wa paofesi ija, koma anapuma pantchito zaka zisanu zapitazo. Ba Allal atabwera koyamba ndi shuga m'manja, akumutchula kuti munthu wamkulu, mawu oti sindingathe anamukanika kutuluka. Chaka chachiwiri zinavuta kuposa choyamba.

"Shugayo sindinamukhudze, Allal m'bale wanga. Ndikanamudya bwanji ntchito sindinagwire?"

"Ukanangonena, Bouchaib."

"Iwe ukanangofunsa."

Loubna anali atakonza mawu ambiri m'njira monse, akuthwa okhaokha. Anayang'ana nkhalamba ziwirizo, iliyonse maso ali pansi, ndipo anangotola maenvulopu ake.

"Bambo, shugayo nyamulani. Tidzamufuna."

Masiku opempha atalengezedwa, anali woyamba kulowa muofesi ya ahedi. Anali atakonzetsa kale za ukwati wake m'failo. Kalata ya kuntchito kwa Hicham inali yatsopano, chifukwa zakale zija zinali zitapitirira nthawi. Anadzaza mizere yonse ya sukulu, zina zoti sanazionepo. Si Lahbib anaona pepala lililonse, anasaina, anadinda, n'kumupatsa kope lake. Sanalipire ndalama iliyonse, ngakhale dirihamu imodzi.

Tsiku la zotsatira anakweranso pamwala paja. Foni inazungulirazungulira osatsegula. Anaikweza m'mwamba, anaitukwana pang'ono, anaipepesa. Kenako mndandanda unabwera. Sukulu yoyamba ayi, yachiwiri ayi. Dzina lake analipeza pa sukulu yomwe anailemba pamzere wachisanu ndi chiwiri, kunja pang'ono kwa Safi, mphindi makumi awiri pabasi.

Anatsika n'kupita kwa ahedi, anachotsa ketulo, n'kutenga kalata yake. Inali ndi madontho a tiyi osawerengeka. Anaing'amba pomwepo.

Loubna atamaliza chaka n'kufika kwawo ku Safi, Ba Allal anaitana aneba ndi Si Bouchaib yemwe. Anatenga kanyundo, anaswa chulu choyamba, n'kuponya zidutswa zikuluzikulu mu tiyi wa masamba onunkhira a minti.

"Komabe mwina shugayu anathandizako penapake," anatero mkuluyo akuthira tiyi kuchokera m'mwamba.

"Wathandiza, Bambo," anayankha Loubna, phewa lake litagunda la Hicham. "Tiyi watsekemera."

Mphunzitsi wofuna kusamukira boma lina asadalire munthu wodziwana naye kapena mphatso. Awerenge malamulo a chaka chimenecho, apemphe m'masiku ake kudzera kwa ahedi, aphatikize mapepala onse otsimikiza chifukwa chake, asankhe sukulu zingapo, ndipo asachoke pantchito yankho lisanabwere. Pomwe sakumvetsa afunse msanga. Manyazi a kufunsa analanda Loubna zaka zitatu.