Ndege Isanatere

Chipinda chimene Tisungane ankafuna chikhale cha alendo, mwamuna wake Winston anachisandutsa ndege. Winston anali manijala wa fakitale ya tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, koma mtima wake unali m'mwamba. Anagula kompyuta, masikirini atatu, chiwongolero ndi timipini ta mainjini, ndipo Loweruka likafika ankadzitsekera mmenemo n'kumaulutsa ndege ya mapulopela awiri yomwe sinachokepo patebulo.

Loweruka lina masana, chiperoni chitaphimba minda yonse ya tiyi, foni ya Tisungane inalira. Anali mchimwene wake Yesaya ku Thekerani.

"Achemwali, bambo agwa kumunda. Mawu sakutuluka bwino, koma akutchula inu. Bwerani ndi galimoto tithamangire nawo kuchipatala ku Boma."

Tisungane sankatha kuyendetsa galimoto. Anathamangira kuchipinda kuja.

"Bambo a Mwai, kumudzi bambo agwa. Tiyeni!"

Winston anangosendeza hedifoni kukhutu limodzi, maso ali pa sikirini. "Ndamva. Ndatsala pang'ono kutera pa Chileka. Kakonzekeni."

Mayiyo anavala chitenje ndi juzi, n'kubwerera chikwama chili m'manja. Anapeza mwamuna wake ali thukuta kamukamu.

"Injini yakumanzere yazima, bwalo silikuonekanso," anatero Winston. "Ndizungulire kamodzi kokha."

"Si chili ndi batani chimenechi? Tachiimitsani!"

"Anzanga pa intaneti akundidikira nditere. Musade nkhawa, akuluakulu akadzuka osadya amachita chizungulire."

Tisungane anaima kumbuyo kwake n'kumayang'ana mitambo yabodza ija, mapulopela akulira m'masipika. Atatopa anatuluka osatsanzika. Anadutsa m'kanjira ka pakati pa tiyi, juzi yonse n'kunyowa, mpaka kumsewu komwe anakwera kabaza. Msewu wa ku Thekerani unali woterera, moti m'zitunda zina ankatsika n'kuyenda wapansi. Kulira anakumva asanalowe n'komwe pabwalo la kwawo.

"Timangoyang'ana kumsewu," anatero Yesaya, osamuyang'ana kumaso. "Takhala tikuwauza kuti galimoto ili m'njira."

Winston anafika mmawa mwake atanyamula bokosi la maliro, matumba a ufa ndi shuga. Anagwada, n'kupepesa aliyense mwaulemu wake wonse. Atapeza mpata anamukokera Tisungane kuseri kwa nyumba.

"Inunso kupupuluma," ananong'ona. "Nditatuluka ndinapeza mwapita, foni osayankha. Mukanangodikira pang'ono."

"Munatera bwino?" anafunsa Tisungane.

Winston anatsegula pakamwa, ndipo kwa kanthawi mkazi wake anaona kuti akufunadi kufotokoza mmene anaterera. Kenaka anangoyang'ana pansi.

Atabwera kumanda, azakhali ake a Tisungane, a Magdalena, anamugwira dzanja pakati pa amayi.

"Mwanawe, iwe unakwatiwa," anatero mokweza kuti onse amve. "Akamwini ena bwenzi atangotumiza uthenga pafoni. Taona bokosi lija! Achimwene agona ngati bwana."

Amayi onse anavomereza. Tisungane anayang'ana Yesaya, koma iye anali kalikiliki kutsitsa matumba m'galimoto.

"Ndiye wangoti duu bwanji?" anatero a Magdalena. "Kawapatse amuna ako madzi asambe m'manja adye. Atopa, msewu wonse uja."

Tisungane anatenga beseni ndi jagi, n'kukagwada pamaso pa Winston, n'kumuthirira madzi.