Tsiku Limene Aphungu Akale Anaima Pamzere

Ine anthu a ndale sindiwafuna, ndinene poyera. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala pawindo lachitatu mu ofesi yopereka ziphaso za kubadwa, ndipo a mataye ndawaona okwanira. Amabwera ndi wojambula zithunzi, amapatsa bwana moni wa padzanja, amafunsa ngati tikugwira bwino ntchito, yankho lisanatuluke iwo ali kale pa masitepe. Ndiye bwana atatiuza kuti Lachinayi kubwera a Bungwe la Aphungu Akale, ndinangoti, "Eya, ntchito inawathera, tsopano chosewera nacho ndi ife."

Anabwera asanu, m'mamawa, chitseko chisanatsegulidwe. Wojambula kunalibe. Anatenga timapepala ta manambala kwa mlonda ngati wina aliyense, n'kukhala pa benchi yathu ija yong'amba masiketi. Bwana anatuluka thukuta lili kamukamu kukawaitanira ku mipando yofewa ya mu ofesi yake, koma anakana.

Mlembi wawo, bambo wamfupi wa magalasi okhuthala, ndi amene anafotokoza. Mwezi uliwonse bungwe lawo limasankha lamulo limodzi limene iwo anavomereza ali m'Nyumba ya Malamulo, n'kupita kumene likugwira ntchito, kukaima pamzere ndi kuona mmene likulumira anthu. Zimene aona amazilemba m'kalata yawo ya mwezi ndi mwezi, n'kutumiza kwa aphungu a lero. Ndipo ali ndi pangano limodzi: pa tsikulo saimbira foni munthu wamkulu aliyense. Mafoni onse anali m'chikwama cha mlembiyo.

Awiri a iwo ndinawadziwa. Mayi aatali a imvi aja ndi amene dziko lonse linkawatchula kuti Mayi Sindinamalize, chifukwa belu likalira m'Nyumba muja kuti nthawi yawo yatha, yankho lawo linali lomwelo. Pambali pawo panali a Chipewa, amene ankakhala mbali yotsutsa, ndipo awiriwa anatukwanizana pa wailesi zaka khumi ndi zisanu. Apa ankamwera botolo limodzi la madzi, akukangana kuti wa mawondo oipa kwambiri ndi ndani.

Cha m'ma leveni anafika pawindo langa mtsikana amene ndinali nditamubweza kale katatu. Anali atapeza malo ku sukulu ya unamwino, ndipo mapepala onse ankafunika mawa lake eyiti koloko m'mawa. Popanda chiphaso cha kubadwa, malo akewo apatsidwa wina. Makolo ake sanamulembetse ali khanda, ndipo onse awiri anamwalira. Lamulo limati munthu wamkulu wotere abwere ndi mboni imene inaona kubadwa kwake, mboniyo idinde chala pa makina athu. Mboni inalipo, azakhali ake, koma anafa miyendo zaka ziwiri zapitazo ndipo satuluka m'nyumba. Makinawo ndi omangidwa ndi mabawuti pa tebulo langa. Ofesi yathu ili pamwamba penipeni, ndipo chikepe chinafa ine ndili ndi mimba ya mwana amene pano ali ku sekondale.

"Anti, ndabwera ndi kalata ya azakhali," anatero, akuisuntha pansi pa galasi. "Adinda ndi inki."

"Mwanangu, ndinakuuza. Inki makina saidziwa."

"Nanga ndichite chiyani?"

Sanalire. Bola akanalira, chifukwa olira ndinawazolowera. Anangoima, atagwira kalatayo ndi manja awiri.

Apo a Chipewa anadzuka, kukonza jekete, n'kusolola cholembera m'thumba la pamtima. "Mayi kalaliki, ndikukumbuka bwino kuti phungu akhoza kusainira m'malo mwa mboni. Bweretsani fomuyo."

Abale inu, ndinachita manyazi ine m'malo mwawo. "Bambo," ndinatero motsitsa mawu, "phungu amene akunenedwa apo ndi amene ali pampando panopa. Kwa iyeyo mwanayu anapitako, anamuuza kuti abwere mwezi wamawa."

Cholembera chinaima m'malere. Ndinadikira kuti andifunse ngati ndikuwadziwa, monga achitira onse. Koma iwo anayang'ana dzanja lawolo, n'kuseka chikhakhali. "Taonani chitsiru ichi! Zaka zisanu ndi ziwiri, silinamvebe kuti tinaluza."

Kuseka kwawo sikunandiziziritse mtima. Ndinatulutsa buku la malamulo m'dirowa, n'kulimenyetsa pa tebulo. "Poti mwabwera kudzaona, onani. Gawo lakhumi ndi chiwiri. Amene analemba zimenezi sanakwerepo masitepe athuwa. Mlungu uliwonse ndimabweza anthu ngati uyu, ndipo wotukwanidwa ndimakhala ine. Kunyumba ndimafika mutu ukuwawa ngati ndalakwira dziko lonse."

Bwana ananditsinzinira diso kuti nditseke pakamwa. Mayi Sindinamalize anapempha bukulo, navala magalasi, n'kuwerenga gawolo chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atamaliza anabwerezanso. Mlembi anagwira chikwama cha mafoni chija, n'kunong'ona kuti, "Mayi, kamodzi kokha. Mkulu wa maofesi onsewa ndinaphunzira naye."

"Ndiye mawa kukabwera mtsikana wina, adzaimbira ndani?" anayankha. Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Azakhali ako amakhala kutali bwanji, mwanangu?"

Mayiwo ndi anzawo anapita naye pa galimoto ya a Chipewa, yokalamba ngati mwini wake, yochita kukankha kuti ilire. Ine ndinapitiriza ntchito, koma diso lili pa wotchi. Makina athu amalumikizana ndi ku likulu, ndipo folo koloko ikakwana amazima okha, ulire usalire. Wani koloko inadutsa. Thu koloko. Ndinadziuza kuti basi, ndale ndi ndale, amusiya panjira mwana wa eni.

Hafu pasiti fili mlonda anakwera akupuma wefuwefu. "Afika! Akuti tiwabwereke mpando wolimba."

Mpando wolimba mu ofesi monse unali wa bwana. Anaupereka yekha, nkhope ili gwa. Ndinasiya windo, chinthu chimene sindinachitepo, n'kukasuzumira pa masitepe. Pansi penipeni anali atakhazika pampandopo azakhali aja, gogo wochepa thupi, wovala diresi la maluwa losita bwino, miyendo ili lende. Masitepe athu ndi makumi asanu ndi awiri. Mwa aphungu akale amene ankati awanyamulewo, wamng'ono pa onse anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu.

Pamzere panali amuna amphamvu zawo, koma aliyense ankaopa kutaya malo, poti nawonso folo koloko inkawathamangitsa. Mlembi anaona zimenezo. Anatolera timapepala ta manambala, kulemba mayina m'kope lake, n'kulengeza ndi mawu a m'Nyumba muja kuti aliyense wotsika kukathandiza malo ake asungidwa, ndipo wolowerera ayankha kwa iye. Anthu anaseka, koma kalipentala wina ndi dalaivala wa basi anatsika.

A Chipewa anakana kusiya mwendo wa mpando umene anagwira. Jekete anavula, taye anaponyera kumsana. Mayi Sindinamalize ankakwera chammbuyo patsogolo pawo, atanyamula mapazi a gogoyo m'manja kuti asagunde masitepe, akuwerenga mokweza. Pokhota paliponse ankaima kuti apume.

"Mbali yanu ikutsalira, a Chipewa, monga mwa masiku onse!"

"Mbali yanga ikuonetsetsa kuti boma lisagwetse munthu!"

Gogoyo anali atagwiritsa mpando, maso ali psii, milomo ikuyenda. Ine amene ndinati a ndale sindiwafuna, ndinapezeka ndikukuwa kuti, "Limbani, bambo, atsala asanu ndi atatu!" Ndinawasirira anthu aja, ndisaname. Kupuma kwa a Chipewa kunkamveka ngati mpope wa njinga, koma mwendo wa mpando sanausiye mpaka pa tebulo langa.

Kunali kutatsala mphindi khumi ndi imodzi. Ndinalemba msangamsanga, kufunsa gogoyo mafunso a pa fomu. Anayankha zonse, tsiku, chipinda, ngakhale mtundu wa beseni. Kenako ndinatenga chala chawo chachikulu n'kuchiika pa galasi la makina.

Nyali yofiira.

Ndinapukuta galasi, kuyesanso. Yofiira. Ndinayesa dzanja lamanzere, chimodzimodzi. Nditatembenuza dzanjalo ndinaona vuto. Zala zinali see, zosalala ngati sopo wotha.

"Zaka makumi anayi ndikuchapa zovala za anthu," anatero gogoyo, ngati akupepesa. "Ndi zimene ndamuphunzitsira mwanayu."

Makina athu ukalephera kasanu amatseka fomu mpaka mawa. Tinali titayesa katatu. Mtsikana uja anakhala pansi, pa simenti pomwepo, kutsamira khoma.

Mayi Sindinamalize anagwada. Mawondo analira kuti tonse tinamva. Anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola m'chikwama chawo, kudontheza pang'ono, n'kuyamba kutikita chala cha gogoyo pang'onopang'ono, kuchiuzira mpweya, kuchifumbata m'manja mwawo kuti chifunde. Sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi. Ife ena tonse maso anali pomwepo.

"Yesani tsopano."

Yofiira. Kanayi.

Anatikitanso, nthawi ino m'mbali mwa chala, pafupi ndi chikhadabo, pamene sopo safika kwambiri. Anachipendeketsa okha pa galasi, dzanja lawo lili pamwamba pa la gogoyo. Makina anaganiza, anaganiza, ngati nawonso akufuna kuitanitsa komiti.

Yobiriwira.

Mzere wonse unaphulika. Dalaivala anaimba mluzu, bwana anaombera m'manja mpando wake womwe. Chiphaso chinatuluka kutatsala mphindi zitatu, ndinachidinda ndi mphamvu mpaka tebulo linagwedezeka. Mtsikanayo anachilandira chikadali chofunda, anawerenga dzina lake, ndipo apo ndi pamene analira.

Gogoyo sanasekerere nawo. Anayang'ana chala chawo, anayang'ana khomo la ku masitepe kumene ankayenera kutsikiranso, n'kufunsa mokweza kuti, "Koma abale, lamulo lozunza chonchi analemba ndani?"

Mlembi anayang'ana m'kope lake. A Chipewa anatsegula pakamwa kuti anene kuti anavomereza onse, koma Mayi Sindinamalize, akadali chogwada, anawatsogolera.

"Ndine, mayi. Gawo limenelo ndinalemba ndine, ndi dzanja lomweli. Ndinkafuna kutseka akuba ziphaso. Za inu sindinaganize."

Gogoyo anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira ku imvi mpaka ku mawondo.

"Ndiye potsika mundibereke ndinu."

Kalipentala anaseka, kuyesa nthabwala. Mayiwo anavula nsapato, kundipatsira pawindo pamodzi ndi magalasi awo, n'kutembenuka. Ananjuta patsogolo pa mpando, msana ataupereka.

"Gwirani khosi, mayi. Mugwiritse."