Mapasa pa Ngalande ya ku Lifuwu

"Ine ndadya za ku Joni, ndagona ku Beira, ndagulitsa nsalu ku Dar. Wondiposa nzeru sanabadwe." Ankatero a Hashim, mlimi wa mpunga ku Lifuwu. Koma chaka chimenecho madzi anachepa m'ngalande, ndipo alimi anapangana kuthirira mosinthana, munda uliwonse tsiku lake. Mpunga wa a Hashim unayamba kufota tsiku lawo lisanafike.

Lachisanu anauza akazi awo a Nafisa kuti, "Anthu akakhala ku mzikiti, ndikaboola ngalande. Achimwene anga Abdulkarim, olima tsidya lina la ngalande, akadikira tsiku lawo, madzi onse ndi anga. Akaba, wodikirayo ndiye wopusa. Uku ndi uku, ndipindula ndine."

"Mwaiwala kuti ndinu mapasa?" anatero a Nafisa. "Ngakhale kutsokomola mumatsokomola mofanana."

A Hashim ananyamula khasu. Atafika, anaona munthu tsidya lina la ngalande akukumba kale. Anali a Abdulkarim.

"Swala yatha ku mzikiti, achimwene?" anafunsa a Hashim.

"Yanuyo yatha liti?"

Palibe anafuna kusiya. Ngalande inagumuka mbali zonse, madzi n'kukokolola nazale ya mayi Zulfa, amasiye olima kumunsi. Mpunga wa mapasawo unatsala wouma.

Mlangizi wa zaulimi, mayi Phyllis, anawakhazika pansi. "A Hashim, mumayesa m'bale wanu ndi mvula, imene imagwa osalabadira za inu. Koma ndi munthu woganiza ngati inu nomwe. Ganizo limene linakutulutsani m'nyumba ndi lomwe linawatulutsa iwo. Njira zinali ziwiri zokha: kuba nonse, kapena kudikira nonse."

A Hashim anakanda mutu. "Ndiye kuti ndikasankha kudikira, ndasankhira tonse awiri. Zimenezi ku Joni sanandiphunzitse."

Mapasawo anakonza ngalande. Lachisanu lotsatira a Hashim, osakambirana ndi aliyense, anasiya khasu pakhomo n'kupita ku mzikiti. Atalowa, anapeza a Abdulkarim atakhala kutsogolo, mapazi osamba bwino. Madzi anafika ku munda uliwonse pa tsiku lake, ndipo mpunga unacha.

Musanaswe pangano, dzifunseni: anzanga onse oganiza ngati ine atachita zomwezi, tikolola chiyani? A Hashim anadzifunsa. Atakolola, anakweza panjinga malipiro a nazale ija n'kukatula kwa mayi Zulfa: matumba atatu a mpunga.