Siginecha Yopanda Sizasi

"Chotsani dzanja lanu pamenepo," anatero Kamoto.

Bambo wa tayi, amene anali atangolowa mushopu ya utelalayo, sanachotse. Anapitiriza kusisita makina osokera ngati munthu wotsatsa mbuzi, kenako anawerama kuti awerenge nambala yake. Panali patangotha masiku anayi chiikireni bambo ake a Kamoto m'manda. Tepi yawo yoyezera inali ikadali pamsomali, ndipo jekete yakuda imene ankasoka tsiku lomaliza inali ikadali pansi pa singano.

"Chemwali, ine ndangotumidwa," anatero bamboyo. "Malemuwa anatenga njinga yamoto pangongole ku kampani yathu. Kwatsala miyezi isanu ndi iwiri. Chikole chake ndi makinawa."

"Njinga yamoto? Bambo anga? Munthu amene ankatsika basi ikangoyamba kuthamanga?"

"Kamoto, lankhula bwino, ndi mlendo," anatero mayi ake, atakhala pathumba la zidutswa za nsalu pakona.

"Mlendo amagogoda, amayi. Uyu walowa ngati kwawo."

Kamoto anatsomphola pepala la ngongole limene bamboyo anagwira m'manja. Chithunzi cha chiphaso chinali cha bambo ake, dzina linalinso lawo. Koma maso ake atafika pansi anaseka, kuseka kowawa. Anakoka buku la miyezo mudirowa n'kuliponya patebulo.

"Taonani apa. Apa. Apanso. Bambo anga akasayina ankajambula kasizasi kumapeto kwa dzina, kaya ndi ku banki, kaya ndi pa lipoti langa la kusukulu. Ankati dzina aliyense akhoza kulemba, koma sizasi ndi ya telala. Papepala lanuli sizasi ili kuti? Mwaimeza?"

"Sizasi si lamulo, chemwali."

"Kuba ndiye lamulo?"

Wotolera ngongoleyo sanakwiye. Anatsegula chikwama chake pang'onopang'ono, ngati munthu amene wasunga chikwapu chabwino, n'kutulutsa mpukutu wa malisiti.

"Ndiye mundiuze, munthu amene sanatenge ngongole amaibweza bwanji? Miyezi khumi ndi umodzi, pa tsiku loyamba la mwezi, mkulu wa tepi m'khosi ankabwera yekha ku ofesi."

Kamoto anaona lisiti loyamba. Pansi pake panali kasizasi. Lachiwiri, kasizasi. Lachitatu, chimodzimodzi, kokhota pang'ono, monga ankajambulira dzanja litayamba kunjenjemera.

Anatembenukira mayi ake. Iwo anali kuyang'ana zala zawo.

Miyezi khumi ndi umodzi. Imeneyo ndi miyezi imene bambo ankadula pakati mapiritsi awo a mtima ndi kampeni, kuti a milungu iwiri akwane mwezi. Ndi miyezi imene iye anasiya sukulu yamadzulo n'kukhala pamakina omwewa, kupinda masiketi mpaka msana kuuma, akukhulupirira kuti makasitomala ndi amene achepa.

Panja panalira njinga yamoto, n'kuzima. Analowa bambo aang'ono, mng'ono wa malemuwo, chipewa cha njinga chili m'khwapa.

"Alamu, ndabwera za katundu zija. Makinawa ndi bwino ndikawasunge ine, mwana wamkazi mawa akwatiwa..." Apa m'pamene anaona tayi ndi chikwama.

Kamoto sanawapatse moni. Anatenga pepala lija n'kukaima pakhomo. Anawerenga mokweza nambala yolembedwa papepala, chilembo chimodzichimodzi, kenako ya kumbuyo kwa njinga. Telala wa khomo loyandikana anaimitsa makina ake kuti amve bwino.

"Mapasa," anatero Kamoto.

"Ndinangobwereka chiphaso, changa chinali ndi vuto. Zinali za ine ndi achimwene. Iwe mwana, ukudziwa kuti ukulankhula ndi bambo ako?"

"Bambo anga ali m'dothi. Inu ndinu wokwera njinga. Pamaliro munalira mpaka kukugwirani anthu atatu. Munkalira mbale wanu, kapena munkalira wokulipirirani?"

"Alamu, mukumumva mwanayu?"

"Ndikumumva," anayankha mayi, osakweza mawu. "Simunabwereke, alamu. Munatenga m'thumba la malaya achimwene anu akusamba. Anadziwa kalata yoyamba ya ngongole itafika. Ndinati tipite kupolisi. Iwo anati mukamangidwa, ana anu anayi adya chiyani?"

"Nanga ife, amayi?" Kamoto anakuwa. "Ife tinkadya chiyani? Iwo ankamwa chiyani?"

Anatembenukira wotolera ngongole uja, amene tsopano anali kumasula tayi.

"Inu bwana, sankhani. Nyamulani makinawa, ine ndikutsatani ndi bukuli mpaka kupolisi. Mukafotokoze kuti ndani ku ofesi kwanu anaona chiphaso cha munthu wa imvi mutu wonse, n'kupereka njinga kwa uyu wa tsitsi lakuda bii. Kapena tengani katundu wanu. Uyo waima panjayo, ali ndi mafuta omwe."

Bamboyo anatuluka ndi foni. Analankhula nthawi yaitali, akuzungulira njingayo, akubwereza kuti eya bwana, ayi bwana. Atabwerera sanayang'anenso makina. Anatambasulira dzanja bambo aang'ono.

"Kiyi. Zotsalazo mukafotokoze ku ofesi mawa."

"Mukundipha! Ndimadyera pomwepo ine!"

"Dulani pakati," anatero Kamoto. "Zimakwana mwezi."

Kiyi inagwera patebulo. Njinga inalira, phokoso lake n'kuzimirira kumsewu. Bambo aang'ono anakakhala pakhonde, chipewa chili pamawondo.

Kamoto anakhala pampando wa bambo ake. Ankafuna kuchotsa jekete ija pansi pa singano, aipinde, mwini wake akadzabwera adzalipire. Ataitembenuza anaizindikira. Inali ya bambo aang'ono, imene inang'ambika pachigongono atagwa ndi njinga mwezi watha. Bambo ake anali atatsiriza kale kuika chigamba pamene panang'ambikapo. Singano inaima pa mkono winawo, wosang'ambika n'komwe. Anali atapanirirapo ndi mapini nsalu yolimba, yopinda kawiri, kuti akadzagwanso khungu lisadzasupuke. M'kati mwa kolala, pamene ankalemba mtengo ndi choko, munali kasizasi kokha.

"Bambo, munali opusa," ananong'ona. "Opusa zedi."

Mayi ake anadzuka, n'kumuyandikizira nyale ya patebulo.

Kamoto anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuwongola nsaluyo. Anaika phazi pachopondera, pamene chitsulo chinaperepeseka ndi chidendene cha bambo ake, n'kupitiriza msoko kuyambira pomwe iwo anasiyira.