Kiyi wa Shedi ya Mpunga

Shediyo ndinatseka ndine. Ntchito yanga inali yoyendera masitolo, kuona ngati akugulitsa zakudya pa mtengo umene boma linaika. Chaka chimenecho mpunga unasowa m'misika, ndipo wina anatitsina khutu kuti wamalonda wina waubisa, akudikira kuti mtengo ukwere. M'shedi yake tinapeza matumba mazana asanu ndi atatu, osanjikizana mpaka kudenga. Ndinakhoma loko, kumata pepala lachidindo pachitseko, kiyi n'kuponya m'chikwama changa. Anthu anandiombera m'manja.

"Mlandu ukangotha, tiugulitsa pa mtengo wa boma," ndinawalonjeza.

Mlandu sunathe msanga. Lero woweruza wadwala, mawa loya wapita kumaliro. Lolemba lililonse ndinkapita kukaona ngati loko sanathyoledwe, ndipo ndinkapeza amayi atakhala tsonga mumthunzi wa khoma, mabeseni ali pamiyendo. Mmodzi, wa mpango wofiira, ankandilonjera mogwira m'chigongono.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Lero mutsegula?"

"Sabata yamawa, mayi."

"Zikomo. Tidikira."

Ndinakadandaula kwa abwana. "Mpungawo ndi umboni," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Likachoka thumba limodzi, wolowa m'ndende ndinu."

Mvula inayamba, denga n'kumadontha. Fungo linkatulukira kunsi kwa chitseko. Amayi aja anangosendera patali pang'ono, koma kubwera sanasiye.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri khoti linalamula kuti titsegule. Matumba anali bii ndi nkhungu. Nditagwira limodzi, linali lofunda ngati thupi la munthu wamalungo, ndipo pansi ponse anankafumbwe anali yakaliyakali. A zaumoyo anati wonsewo ukwiriridwe. Amayi aja anaima n'kumaonerera thirakitala ikukankhira matumba m'dzenje. Palibe amene ananditukwana. Bola akanatero.

Wa mpango wofiira sindinamuone, choncho ndinafunsa mnzake.

"Tinawaika m'manda mwezi watha," anayankha. "Anasiya mawu akuti mukadzatsegula, gawo lawo tidzapatse ana."

Wamalonda uja analipira faindi, n'kukatsegula sitolo ina msewu womwewo. Ine ndinapempha kuti andisamutsire ku ofesi ya makalata, kumene ndimangodinda ndi kusanja mafayilo.

Papita zaka zinayi. Mwana wanga wamkazi akateleka mpunga, nthunzi ikangondipeza ndimatuluka kukakhala pakhonde mpaka atsuke mbale.

"Amayi, mukapimitse kuchipatala," amatero. "Mwina ndi zilonda za m'mimba."

Ndimangovomera ndi mutu.