Phazi la Alamu Anga

Pa ntchito zonse za gulu lathu la ndege za asilikali a pamadzi, yanga ndiyo inali yoseketsa anthu. Ndinkauluka pamwamba pa nyanja cha ku Zambales ndikukoka chandamale pa waya wautali kwambiri, kuti anyamata a pa sitima aphunzirirepo kuwombera ndege.

Amene ankandiseka koposa anali alamu anga a Efren Dimaculangan, achimwene ake a mkazi wanga Minda. Iwo anali kopolo woyendetsa mzinga wa pa sitima, uja umalavula zipolopolo ngati matalala. Mzingawo uli ndi diso lakelake lotsata ndege, munthu amangoponda chitsulo kuti ulire.

"Alamu, sukulu yonse ija kuti mukhale nyambo?" ankatero tikamadya pansit, chakudya chonga supageti, kwa apongozi. "Mlongo wanga anakwatiwa ndi nyongolotsi ya pa mbedza!"

"Inu nanga, kopolo mpaka imvi?"

Pamenepo ndiye panali pachilonda. Mayeso a usajeni anali atawakanika kangapo, ndipo zaka zinali zitawathera. Tsiku lomwe ndikunenali unali mwayi wawo womaliza: kugwetsa chandamale changa pamaso pa mabwana, apo ayi kupuma ntchito ali kopolo.

Kunja kunacha bwino. Ndinadutsa sitimayo, ndipo pa wailesi ndinamva lamulo loti awombere. Mzinga unayamba kulira, kenaka zii. Bwana wa pa sitima anakuwa, "Dimaculangan, ponda! Wagona kodi?" Koma mzinga sunalirenso. Ndinapsa mtima. Munthu wamkulu kuchita mantha tsiku lotere, Minda ndikamuuza chiyani?

Nditatera, amakaniko anandikodola kuti ndione kumchira. Chandamale chinali bwinobwino, chopanda ndi bowo lomwe. Koma wayayo anali wokalikakalika, ndipo mabalawo ankakwera kulunjika kwa ine. Diso la mzinga linali litasiya chandamale n'kuyamba kutsata waya. Bala lomaliza linali pafupi kwambiri ndi ndege yanga moti ndinangokhala pansi pa phula lotentha.

Apa m'pamene ndinazindikira: a Efren ataona mlomo wa mzinga ukupendekera kutsogolo kumene kunali ndege yanga, anachotsa phazi, ngakhale bwana ankawakalipira m'khutu.

Ndinanyamula wayayo kupita naye kwa akuluakulu. Anamuyang'ana, anapukusa mitu, anavomera kuti makina ndiwo analakwa. Koma mayeso ndi mayeso, anatero, chandamale sichinagwe, ndipo mwayi wina zaka sizikulola. Ndinalongolola mpaka anandionetsa khomo.

Nditawauza a Efren tili pa chakudya, anangoseka.

"Musadzimve kukoma, alamu. Ine ndimaopa kulera ana anu aja. Amadya ngati dzombe."

"Achimwene, mwataya nyota za usajeni chifukwa cha ine."

"Nyota sadyera mpunga. Tapatseni viniga uyo."

Ndinawapatsira. Ndimawathokoza munthu ameneyu, ndipo mawu oti zikomo amandichepera.

Tsiku lopuma ntchito a Efren anatuluka pa geti la kampu atanyamula chikwama chimodzi. Ine ndinali nditaima pamenepo mu yunifolomu ya ukaputeni. Mwambo wathu ndi woti wamng'ono ndiye amayamba kuchita sawatcha. Sindinadikire. Ndinawomba zidendene, mkono pachipumi, alonda a pageti akuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Alamu, tsitsani mkonowo," ananong'ona. "Anthu akuona."

Sindinautsitse.