Moni wa Zala Ziwiri

Mayi wina atamugwiranso pamkono m'malo momupatsa dzanja, Luyando anayamba kudabwa. Anali atakhala pamphasa pakhonde la nyumba ya amayi ake ku Malota, maliro ataikidwa dzana. Azimayi a mumsika wa Maramba ankabwera awiriawiri kudzapepesa, ndipo aliyense akagwada ankaika zala ziwiri pamene pamamangidwa wotchi, n'kukhala duu ngati akumvetsera wailesi ya kwa aneba, kenako n'kuyang'ana mnzake.

Kagwiridwe kameneka Luyando ankakadziwa bwino. Amayi ake, amene Malota yense ankawatchula kuti Bina Mweetwa, kutanthauza amake a Mweetwa, ankamugwira choncho nthawi zonse, iye n'kumalanda dzanja mokwiya poti si mwana woti angathawire pamsewu. Koma nanga azimayi ogulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta anakatengera kuti?

Akanafunsa, koma mpweya unkamuperewera. Kwa milungu ingapo nsagwada inkamuwawa, ndipo akamakwera masitepe kuhotela kumene ankayala mabedi, ankaima pakati ngati waiwala kanthu. Sanauze munthu. Ankaopa, ndipo mantha akewo ankawatchula kuti kutopa.

M'nyumba munali kugawa zovala za malemu, monga mwa mwambo. Zitenje zinapita kwa azakhali, nsapato za kutchalitchi kwa msuweni amene anali ataziyesa kale ndi maso. Mlongo wake wa Luyando, Mweetwa, yemwe ankakhala ku Highlands ndipo makiyi a galimoto sankawasiya m'manja ngakhale popemphera, anatulukira pakhonde atanyamula kathumba ka mpunga. M'katimo munali kamakina koyezera bipi, kuthamanga kwa magazi. Lamba wake anali wotheratu, ndipo anamuwonjezera ndi kachigamba ka chitenje.

"Iyi nitenga ine," anatero Mweetwa. "Matenda ya mtima ni ya ise bamuna. Iwe Luyando, mawa upite ku maliketi ukankhale pa tebulo ya bamai, bangaitenge bantu."

Luyando anamuyang'anitsitsa mlongo wakeyo. Mwana wa mayi amene mtima wawapha kumene, n'kumayankhula choncho! Kodi anaiwala chaka chija amayi ankasanza n'kumadandaula msana, ana awo n'kumawamwetsa soda poti n'chilungulira, mpaka anagwa pamsika? Madokotala ndiwo ananena kuti unali mtima. Kuyambira pamenepo amayi ankapita kukiliniki ya mtima ya azimayi, ndipo anawo ankaganiza kuti nkhani inathera pa mapilisi.

"Awe, ba Mweetwa," anatero ba Monde, mayi wa kapenta amene tebulo lake linayandikana ndi la malemu. "Iyo mashini siyenda ku Highlands. Nyumba yake ni pansi pa tebulo ya tomato."

"Pa tomato ifunako chani?"

"Bamai banu benze kutipima tonse. Bakaona muntu apema monga anyamula saka, ati bwela kuno, leta kwanja. Namba ikakwela, bamupeleka beka ku kiliniki, tomato basiyila neba. Ine banachita kunidonsa na chitenge, ine nili busy kukamba ati ni musana chabe. Ico chigamba banasokela ine, lamba inakana kukwana."

Ba Monde anamenya mkono wawo wonenepa, azimayi onse n'kuphulika chiseko, choyamba kumveka pakhomopo chichitikire maliro. Mweetwa anatembenuza kamakina kaja ngati akukaona koyamba.

"Kansi benze nasi wa ku chipatala?"

"Nasi wa kuti? Benze chabe bovuta."

Apa Luyando analephera kupirira. "Nanga ivi vamene munigwila pa kwanja, ba Monde, ni vichani?"

Ba Monde anakweza zala ziwiri. "Mabatile yakasila tipima na vikumo. Ba nasi banapunzisa bamai bako, beve bapunzisa ise." Ba Monde anasendera pafupi, mawu n'kutsika. "Koma banayambila pali iwe. Paja pa mimba ya mwana wako Hope bipi inakwela maningi. Ku kiliniki banabauza ati mukazi wa so, mtima wake ufunika kuulonda olo papite zaka. Beve ati, mwana wanga ni wa makani, nikamuuza azakana, nizayamba kumupima mobisa."

Luyando anayang'ana pamkono pake. Zaka zonsezo, pageti, pabasi, pakhomo la tchalitchi, iye akulanda dzanja, amayi akumwetulira osakangana naye. Chisoni chinabwera pamodzi ndi manyazi.

"Manje lelo takumvela tonse," anapitiriza ba Monde. "Mtima wako uthamanga, elo wankala chabe pansi. Sitili madokotala ise, koma sitinaukonde. Chikubaba pati?"

Bodza linali kale pamlomo pa Luyando, lija la masiku onse loti ndatopa chabe. Koma anthu onsewa anali ataphunzitsidwa ndi munthu amene bodzalo ankalidziwa.

"Nsagwada," anatero Luyando. "Na kupema."

Mweetwa anagwada, chinthu chimene mawondo ake anali ataiwala. Anaika kamakina kaja pamiyendo ya ba Monde, makiyi n'kuwasiya pamphasa.

"Tebulo izalindila," anatero, osayang'ana munthu. "Tipite ku chipatala lelo lamene."

"Poyamba timupime," anatero ba Monde. "Bazafunsa namba."

Anatambasula lamba uja, chigamba chili pamwamba, misoko yake yokhotakhota ngati mmene Bina Mweetwa ankasokera yunifolomu za ana awo. Ndi dzanja linalo anagwira Luyando pamkono, zala ziwiri pamalo paja.

Ulendo uno Luyando sanalande dzanja.